Mtima Unakana: Mbiri ya Mawu a M'chifuwa ku Kabwazi

Mwezi wa Juni ku Kabwazi kumazizira moti nkhani zambiri zimakambidwa pamoto. Madzulo ena tikuwotha moto wa zitsononkho, azakhali anga ankafotokoza chifukwa chimene adabwerera ndi soya wawo kumsika osagulitsa kwa mavenda. "Mtengo ananenawo ndinauganizira," adatero uku akudzigogoda pachifuwa ndi chala, "koma mtima unakana." Mdzukulu wawo wa Sitandade 7, amene nthawi yonseyi adali duu kukazinga chimanga paphale, adadzutsa mutu. "Agogo, munthutu saganiza ndi mtima. Aphunzitsi akuti timaganiza ndi ubongo, mtima ntchito yake n'kupopa magazi basi." Azakhali adamuyang'ana mwanayo nthawi ndithu. "Iwe, ubongo ndimaudziwa ine, timadya tikaphika mutu wa mbuzi. Tsiku lija adatisiya agogo ako aamuna, chidandiwawa ndi mutu kapena apa?" Chala chidabwereranso pachifuwa. Mwanayo adangoti kukamwa yasa, chimanga n'kupserera.

Mwanayo sadaname, ndipo akakalemba zomwezo pamayeso akakhoza. Koma azakhali ankayankhula Chichewa cha zaka mazanamazana, ndipo m'Chichewa chimenecho kuganiza ndi kumva sizidamangiridwe nyumba ziwiri. Zonse zimagona mumtima. Munthu amawerenga chamumtima, amaloweza pamtima, akakayika timati ali ndi mitima iwiri. Wokwiya wapsa mtima, ndipo wosachedwa kupsa mtimayo ngwamtima wapachala, ngati kuti mtima udatsika m'chifuwa n'kukakhala kunsonga ya dzanja kumene chilichonse chimaugunda. Wodikira chigamulo cha mlandu mtima wake uli m'malere, nkhani ikatha bwino umakhala pansi, mwinanso umangoti myaa. Tikati uje wataya mtima tanena kuti wasiya kuyembekeza. Tsono chiyembekezo ndi ganizo kapena ndi chomva m'thupi? Mpeni wolekanitsira ziwirizi Chichewa chilibe, ndipo sichidaufunepo.

Mneni woti kumva ndiye amandidabwitsa koposa. Timamva mawu, timamva fungo, timamva njala ndi chisanu, timamva chisoni, timamva masamu m'kalasi, ndipo mwana wonyozera malangizo ngwosamva ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Chingerezi chimabwereka mawu asanu kapena kuposa kuti chigwire ntchito zimenezi. Kwa ife, chinthu sunachidziwe ngati sichinakulowe m'thupi. Ndiye pali khosi. Chimene mnzako adakulakwira iwe osachinena chimasanduka chakukhosi, chimaima panjira yeniyeni imene mawu amadutsira, ndipo tsiku limene wachinena kukhosi kumayera kuti mbee. Mantha amazizira m'nkhongono. Mutu nawo sitidauiwale: umaima nkhani ikavuta, umagwira mwa mwana wanzeru, umazungulira mwa wodwala misala. Koma mukamvetsera bwino, mutu timaunena ngati khasu. Mwini munda, amene amavomera kapena kukana, ndi mtima.

Mawu sasiya mafupa m'nthaka. Wofuna mbiri yawo amayamba ndi malo amene ankaphunzitsidwirapo, ndipo pamenepa boma lathu la Dedza lili ndi mwayi umene maboma ena alibe. M'mapiri a Chongoni, osati kutali ndi Kabwazi, muli mapanga ndi matanthwe 127 okhala ndi zojambula zakale, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa malo ofunika kudziko lonse. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, adasiya ndi Akafula, alenje amene makolo athu adawapeza kuno. Zoyera, zopaka ndi chala, n'za alimi, makolo a Achewa. Wofukula zakale J. Desmond Clark adakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chencherere mu 1972 kufuna kudziwa amene ankakhalamo. Koma tanthauzo la zoyerazo silidali m'dothi, lidali ndi amayi a m'midzi yozungulira. Wofufuza Leslie Zubieta, amene buku lake la phangali lidatuluka mu 2006, adakhala pansi ndi amayi achikulire, ndipo chimene chidaoneka n'chakuti zithunzi zija zonga chikopa cha nyama choyanika, zamathothomathotho, zidali zophunzitsira atsikana kuchinamwali.

Zimene namwali ankauzidwa sindizilemba pano, si zanga. Chondikhudza ine ndi kaphunzitsidwe kake. Namkungwi sankamukhazika mtsikana pamkeka n'kumuwerengera malamulo ngati katekisimu. Ankamuonetsa chinthu chojambula kapena choumba, ng'oma ikulira, amayi akuomba m'manja, nyimbo ikubwerezedwa mpaka kulowa m'mafupa, mtsikanayo mutu uli pansi, mtima ukugunda, phungu wake ali pambali. Tanthauzo linkabwera pambuyo, lokulungidwa m'mikuluwiko. Anamkungwi ankadziwa kuti mawu omva uli phee amauluka, koma omva thupi likunjenjemera amakhazikika, ndipo ofufuza za ubongo lero amavomereza kuti chinthu chimene chakugwedeza mtima chimakumbukika kuposa chimene changokudutsa. Kudambwe nako n'chimodzimodzi. Mnyamata wolowa gule amapatsidwa mayina achinsinsi a zinthu zimene wakhala akuziona chibadwire, ndipo kuyambira tsiku limenelo mudzi womwewo amauona pawiri. Amene amati chiyankhulo sichisintha kaonedwe ka munthu akafunse wometa aliyense, ngakhale sakayankhidwa.

Pansi pa mwambo wonsewu padali ganizo limodzi, la kutentha ndi kuzizira. J.W.M. van Breugel, wansembe amene adalemba buku la Chewa Traditional Religion lomwe lidasindikizidwa mu 2001, adafotokoza mwatsatanetsatane za mdulo: kuti munthu amakhala wotentha kapena wozizira malinga ndi zimene wachita m'nyumba, ndipo wotentha akakhudza khanda, wodwala kapena mchere wa m'ndiwo pa nthawi yosayenera, wina amatupa n'kudwala. Mungakhulupirire mdulo kapena ayi, koma onani mmene kutentha komweko kudalowera m'mawu a tsiku ndi tsiku. Mtima umapsa. Nkhani imatentha, akulu n'kunena kuti iyambe yazizira. Mwana akapsa chala paphale, mayi ake amachiuzira mpweya akuti "pepa, pepa," ndipo mawu omwewo, atavala ulemu, ndi amene timapita nawo pamaliro. Mkwiyo kwa makolo sudali chinthu cha mwini yekha. Udali moto, ndipo moto ukabuka pa nyumba imodzi ya udzu mudzi wonse umathamanga ndi ndowa. N'chifukwa chake adaukonzera malo oti uziyakira anthu akuona.

Malo oyamba adali pamtondo. Ndidakali mwana, m'mawa ku Kabwazi tinkadzutsidwa ndi kugunda kwa minsi, amayi awiri kapena atatu atazungulira mtondo umodzi, akukonola chimanga molandizana, wina pambali akupeta gaga ndi lichero. Nyimbo yake inkayamba ngati yongothandiza mikono. Ukatchera khutu umamva kuti muli nkhani: mwamuna wina m'mudzi muno adagulitsa fodya, ndalama n'kukathera kumowa, apongozi ena amawerenga nthuli za nyama m'mbale, mkazi wina wapamitala sakugawiridwa mofanana. Dzina silinkatchulidwa. Mwini nkhani adali pakhonde pomwepo akusema mpini, akumva zonse, makutu akuyaka, koma sakadapita nazo kwa ankhoswe, poti akadanena kuti chiyani? Ndi nyimbo chabe. Anzake a mayiyo ankavomereza, ndipo kuvomereza kumeneko kudali ngati kunena kuti tamva, suli wekha. Mphale ikamayera, kukhosi nako kwapepukako, ndipo kawirikawiri bambo uja madzulo ankabwera ndi kansomba kapena mchere osanena kanthu. Hugh Tracey, amene adayenda m'Nyasaland ndi makina ojambulira mawu mu 1950 ndi 1958, adajambulako nyimbo zapamtondo, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. N'zomvetsa chisoni pang'ono kuti mdzukulu wa azakhali akafuna kumva zimene agogo a agogo ake ankadandaula, njira yachidule ndi intaneti.

Nkhani ikakula kuposa nyimbo inkapita kwa ankhoswe, ikakanika kumeneko n'kukafika pabwalo la mfumu. Wolakwiridwa ankaloledwa kuyala zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale za chaka cha dzana, nduna zili chete, chifukwa paja mlandu suola. Nkhuku yolipira inkabwera pomaliza, ndipo sidali mtengo wa cholakwa. Chofunika chidali chakuti wolakwiridwa anene pamaso pa anthu kuti kukhosi kwake kwayera.

Koma ukatswiri weniweni wa makolo pa nkhani ya mawu ndi mtima umaoneka pamaliro, ndipo mbali yaikulu ikadalipo. Uthenga wa imfa sitiuponya ngati mwala. Wakutali amauzidwa kuti matenda akula, abwere msanga, kuti mtima uyambe kudzikonzekera panjira. Wapafupi amamva kuti kwagwa zovuta, kapena kuti agogo atisiya. Pamsewu pamayalidwa masamba, wanjinga n'kutsika, wachipewa n'kuvula, popanda wowauza. M'nyumba ya siwa amayi amabuma, ndipo kubuma si phokoso chabe, ndi kuyankhula ndi womwalirayo, kumufunsa amene wamusiyira ana, kumukumbutsa munda umene sadamalize kukolola, nthawi zina kutulutsa ndi zakukhosi zimene tsiku wamba sizikadaneneka. Abambo ali panja pamoto, mawu ochepa. Ndiye pali adzukulu, okumba manda, amene ali ndi ufulu wochita nthabwala pakati pa misozi, kuseka anamfedwa, kutengera mayendedwe a malemu, mpaka wolira aseke asakufuna. Mlendo amaona ngati mwano. Si mwano: chisoni chikangosiyidwa chokha chimamiza munthu, ndiye payenera kukhala wina wololedwa kuchikoka mwendo. Kulira kudalinso ndi malire a nthawi. Pakapita masiku anthu ankameta, pakatha chaka n'kuphika mowa wa bona, zilombo n'kutuluka, mzimu n'kuperekezedwa, wamasiye n'kumasuka.

Ndisakometsere zonse. Mwambo womwewu udaphunzitsanso anthu kumeza. Mtsikana ankatuluka kutsimba atamva kuti banja ndi kupirira, ndipo ambiri adapirira nkhonya zimene sankayenera kupirira. Mnyamata ankakula akumva kuti mwamuna salira. Mwana sankayankha akulu ngakhale akunamiziridwa. Mkamwini pamudzi wa eni ankayankhula ndi apongozi ake atakhalira kumbali, nkhope itayang'ana kwina, ndipo zambiri za mumtima mwake zinkathera kumunda. Malo otulutsira mawu adalipo, koma sadagawidwe mofanana.

Mawu athuwa adakumananso ndi alendo. Cha m'ma 1870 Angoni a kwa Maseko adakhazikika kuphiri la Domwe, n'kumathira nkhondo midzi ya Achewa. Anthu adathawira m'mapiri ndi m'mapanga. Angoniwo adapambana ndi mikondo, koma m'nyumba adagonja, chifukwa akazi amene adawatenga ankatonthoza ana m'Chichewa, ndipo mwana amalira ndi kuseka m'chiyankhulo cha amene akumubereka kumsana. Azungu adapha mfumu ya Angoniwo, Gomani, mu 1896. Pamene wofufuza Margaret Read ankakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, Chingoni m'dera lino chidali chitatsalira makamaka m'nyimbo ndi m'kamwa mwa okalamba. Read adaonanso kuti Angoni ankalemekeza kwambiri kudziletsa, kusaonetsa kupsa mtima kapena mantha pagulu. Chiyankhulo chidapita koma chidasiya mphatso. M'Chizulu, thokoza ndi mawu onena za kukondwa. Ife tikamati ndathokoza, pambali pa kuyamika kwathu kwakale, tikunena kuti chimene mwachita chandikondweretsa.

Woyamba kulemba mawu a Chichewa ochuluka papepala sadapondepo kuno. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, adakumana mu 1853 ndi Salimini, munthu wa kuchigawo chapakati chomwe chino amene adagwidwa ukapolo n'kugulitsidwa kugombe la nyanja yamchere. Awiriwo adalemba mawu limodzi, ndipo buku lake lidatuluka mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Ndimamuganizira Salimini, wopanda womulonjera m'chiyankhulo cha amake, tsiku ndi tsiku akufunsidwa kuti ichi kwanu mumati chiyani. Kupukwa kwa munthu ameneyu ndiko kudatipatsa mtanthauziramawu woyamba. David Clement Scott wa ku Blantyre adatulutsa wake wa Chimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick n'kuukonzanso mu 1929.

Amishoni a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndipo mu 1903 adatsegula Mphunzi m'boma lomwe lino. Ansembe a White Fathers adamanga Mua mu 1902 ndi Bembeke mu 1910. Ntchito yomasulira Baibulo lonse, imene adaitsogolera ndi William Murray pamodzi ndi aphunzitsi a kuno, idabala Buku Lopatulika mu 1922. Omasulirawo adapeza mwayi umene mwina sadauyembekeze: m'Chihebri namonso mtima ndiwo umaganiza, kufuna ndi kumva, moti Mchewa adamumva Davide msanga kuposa mmene Mngelezi amamumvera. Mawu a Chigiriki akuti metanoia, amene kwenikweni amanena za kusintha maganizo, kuno adasanduka kutembenuka mtima, ndipo palibe adadodoma. Pena zidavuta. Ahebri ankaikanso zakuya za munthu mu impso, ndipo m'mavesi ena impsozo zidawoloka momwemo, kwa anthu amene impso ankangozidziwa pogawana nyama. Zoterezi ndi zina mwa zimene Buku Loyera la mu 1998, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi mipingo ina mogwirizana, lidayesa kuwongola.

Chachikulu chimene mishoni idasintha si mawu, koma mwini wa mtima. Kale mtima wa munthu udali nkhani ya abale, ankhoswe ndi mizimu ya makolo. Tsopano udakhala chipinda chimene Mulungu yekha amaona, chokatsegulidwa kwa wansembe polapa kapena pamaso pa akulu a mpingo. Akhristu adaletsedwa gule ndi chinamwali, ndipo mpingo wa Nkhoma udakhazikitsa chilangizo m'malo mwake, alangizi n'kutenga mpando wa anamkungwi. Pamaliro a Mkhristu nyimbo za kwaya ndi za amayi a Chigwirizano zidayamba kuphimba kubuma. Pali amene adapeza mpumulo weniweni m'menemo, ndipo azakhali anga ndi mmodzi wa iwo. Achewa ena adayankha mwa njira yawo yakale, yoseka chimene chikukuopsa. M'zaka za m'ma 1920, mkangano wa gule ndi amishoni utafika povuta m'madera ozungulira Mua, nkhani imene Ian Linden adailemba m'buku lake la mu 1974, pabwalo la gule pankavina zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya.

Ubongo udabwera ndi sukulu. Sekondale ya boma ya Dedza idatsegulidwa mu 1951, ndipo wolowa kumeneko ankaphunzira kuti nzeru zimayankhula Chingerezi. Pasukulu ina imene ndidaphunzirapo, wogwidwa akuyankhula Chichewa ankavekedwa kachibakuwa m'khosi mpaka atagwira mnzake. Chidatsatira n'chakuti ambiri a ife tidagawika: zowerengera, zolembera kalata ya ntchito ndi zokambirana pamsonkhano timaziganiza m'Chingerezi, koma tikapunthwa chala pamwala, tikalota, tikamva za imfa ya amayi, Chichewa chimatuluka chokha. Boaz Keysar ndi anzake a ku yunivesite ya Chicago adaonetsa mu 2012 kuti anthu akamaganizira nkhani m'chiyankhulo chophunzira kusukulu, mantha a kutaya kanthu amawagwira mocheperako. Mnyamata wa ku Kabwazi adazitulukira kale zimenezi: kufunsira mbeta m'Chingerezi n'kopepuka, chifukwa akakukana sizilowa kwambiri.

Mu 1968 Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board. Chodabwitsa n'chakuti Kamuzu mwini wake pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira, ndipo mmodzi wa otanthauzirawo adali John Tembo wa kuno ku Dedza. Zidali zaka zimene zakukhosi zinkatha kumutsekeretsa munthu. Jack Mapanje, katswiri wa ziyankhulo ndi mlakatuli, adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Anthu wamba adabwerera ku luso la pamtondo, kunena chinthu osachitchula. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, kutanthauza kuti mwana wa zaka 6 ayenera kuyamba kuganiza za dziko m'mawu amene sadalirepo nawo. Ine ndimaona kuti pamenepa tidalakwitsa.

Chipatala nacho chidabwera ndi kagawidwe kake. Mu 1910 boma la atsamunda lidayamba kusunga odwala misala m'chigawo cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni cha matendawa chidatsegulidwa mu 1953. Kwa zaka zambiri munthu wa kumudzi ankadziwa zinthu ziwiri zokha: uli bwino, kapena ndiwe wa ku Zomba. Zapakati zidalibe khomo lolowera. Amuna awo a azakhali atamwalira, patapita miyezi ingapo ndidawaperekeza kuchipatala china chaching'ono. Adakhala pabenchi, chitenje atafunda kumutu, n'kuuza dokotala kuti, "Mtima ukundithamanga, tulo sindikuona, thupi lonse likuphwanya." Dokotalayo, mnyamata waulemu amene panja pankamudikira mzere wofika kumpanda, adawayeza BP, adawayeza malungo, zonse zili bwino. "Agogo, mukuganiza kwambiri. Musamaganize." Adawalembera panado. Matenda adawatchula molondola, koma mankhwala ake adalibe, nthawi adalibenso. Nanga munthu amasiya bwanji kuganiza chifukwa wauzidwa?

Kuganiza kwambiri si mawu a Kabwazi okha. Ashona amati kufungisisa, ndipo mu 2013 mawu amenewa adalowa m'buku la DSM-5 limene madokotala a matenda a maganizo ku America amagwiritsa ntchito. Ndamvapo kangapo anthu ophunzira akunena kuti Chichewa chilibe dzina la matenda amene Angerezi amati depression, ndipo olemba mauthenga a zaumoyo akhala akuyesa mawu monga matenda a nkhawa, matenda okhumudwa kapena kuvutika maganizo. Ayesetse, n'zofunika. Koma kusowa dzina limodzi si umphawi. Tili ndi kukhumudwa, kusweka mtima, kutaya mtima, kusungulumwa, kupukwa, kudandaula, nkhawa, nthumanzi, kulira chamumtima, ndipo mayi wa kumudzi amadziwa kusiyana kwa chilichonse ndi chinzake. Mu 2019 Joshua Conrad Jackson ndi anzake adayerekeza ziyankhulo 2,474 n'kupeza kuti mitundu ya anthu imagawa zomva mumtima mosiyanasiyana: mawu amodzi pena amanyamula chikondi ndi chifundo, pena chisoni ndi nkhawa. Chingerezi ndi kagawidwe kamodzi chabe mwa timeneti. Izi sizikutanthauza kuti chiyankhulo ndi khola limene ganizo silingatulukemo, monga ena adamumvera wofufuza ziyankhulo Benjamin Lee Whorf. Azakhali angathe kuphunzira za ubongo mawa lomwe. Koma njira imene mawu adapondaponda kale ndi imene ganizo limathamangira munthu akapanikizika.

Kafukufuku wina amandikumbutsa pamtondo. Mu 2007 Matthew Lieberman wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles adaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha uku makina akujambula ubongo wawo. Munthu akangotchula dzina la chimene akuona pankhopepo, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzidzimuka pakakhala choopsa, kankatsikako mphamvu. Kutchula kumaziziritsa. Mdzukulu wa azakhali akadamva zimenezi akadasangalala kuti ubongo wake wapezeka, agogo ake n'kumuyankha kuti za kukhosi kuyera adamuuza kale.

Mawu onsewa akadalipo ku Kabwazi. Mukakhala pamsika tsiku limodzi, pakati pa ngolo za mbatatesi ndi matumba a nyemba, muwamva onse. Chimene chikutha ndi malo ake. Mtondo udalowedwa m'malo ndi chigayo, ndipo palibe wolira chigayocho, chifukwa chidapulumutsa misana ya amayi athu. Koma pachigayo injini imalira kuposa munthu, aliyense amangoyang'anira thumba lake. Ankhoswe ambiri ali ku Lilongwe kapena ku Joni, nkhani za banja amaziweruza pa WhatsApp, foni ikatha moto mlandu n'kuima. Maliro amafupikitsidwa chifukwa chimanga chodyetsa anthu n'chodula ndipo obwera kuchokera kutauni akuthamangira kuntchito. Abambo, amene ngakhale kale adalibe mtondo wawo, ndiwo ali pamavuto aakulu: malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'Malawi ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Fetereza wangongole, mvula yodula, fodya wobwezedwa kumsika, zonsezi mwamuna amazimeza, poti adamuuza kuti salira.

Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda adayamba mu 2006 kukhazika agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono pamabenchi a panja pa zipatala za ku Mbare, kuti azimvetsera anthu a kufungisisa m'Chishona chawo chomwe. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 adasonyeza kuti odwala ambiri adapeza bwino, ndipo njirayi, yotchedwa Friendship Bench, idafika ndi kuno ku Malawi. Benchi, gogo, ndi nthawi yomvetsera. Azakhali anga adachira mwa njira yofanana, ngakhale popanda dzina la Chingerezi: mnzawo wina wa mumpingo, wamasiye ngati iwo, ankabwera masana aliwonse kudzatongola nawo chimanga, ndipo ankawasiya anene za malemu mpaka mawu atha.

Inu amene muli ndi wofedwa kwanu, kaya ku Kabwazi, ku Lobi kapena ku Chafumbwa, musathere pa chipepeso cha tsiku loika maliro. Mukapiteko patatha mwezi, anthu onse atabalalika. Mukafunse kuti, "Mtima ukuti bwanji?" ndipo akayankha kuti ali bwino musanyamuke msanga. Munyamuleko ndi nkhuni, chifukwa nkhaniyo imatenga nthawi ndipo kuno kukada kumazizira.